Kankhanga Pansi pa Bedi

1 Okutobala 1956

Andigoneka m'kanyumba ka kuseri kwa chipatala cha mishoni, kumene amaika anthu odwala khungu. Zenera ndi limodzi, loyang'ana kum'mawa. Kope ili linali la nyimbo za kwaya, ndang'amba masamba a kutsogolo. Ndizilembamo, chifukwa ndikati nditsegule pakamwa pano ndingatukwane munthu wosalakwa.

Ndine Nelesi, amake Dainess. Kwathu ndi kum'mawa, kufupi ndi Katete. Kuno kwa Nkomeshya ndinabwera chitengwa, kutsata amuna anga a Jethro, amene amaphika kwa azungu ku Lusaka n'kumabwera kumudzi mwezi ukatha. Ndili ndi mawanga awiri otuwa, lina pamkono wamanzere, lina pamsana. Apongozi anga, amai a Jethro, atangowaona anandilanda mwana m'manja ngati akumulanditsa kwa fisi. Dainess ali ndi zaka zisanu. Sanandilole n'kumutsanzika komwe.

2 Okutobala

Amene amatipatsa mankhwala ndi kumanga zilonda ndi a Sanford, kuno amati Ba Sanford. Anditenga magazi pachala, andiyeza pasikelo. Bedi loyandikana ndi langa ndi la amai Jenala, wa mtundu wa Asoli a konkuno. Zala zinawathera kalekale koma lilime lilipo lonse. Andifunsa kuti ndinalakwira ndani. Ndati palibe. Aseka, ati onse amatero sabata yoyamba.

Nyemba za masana zinali ndi anankafumbwe.

4 Okutobala

Dokotala wabwera kuchokera ku Lusaka. Wandimanga nsalu kumaso n'kumandikhudza ndi thonje, kenako ndi phini, kuti ndizinena pamene ndamva. Pakhungu labwino ndimamva, pabanga osamva kanthu. Wandicheka pang'ono kukhutu ndi m'mphepete mwa banga, wapaka pakagalasi.

Ba Sanford amasulira kuti ndi khate, koma la mtundu wofatsa. Tizilombo sanatione pagalasi, ndipo mtundu umenewu supatsirana chisawawa. Mankhwala ndi mapilitsi oyera otchedwa DDS, theka la pilitsi Lolemba ndi Lachinayi, azidzawonjezera pang'onopang'ono. Ndafunsa za mwana. Dokotala wati abwere naye amuone khungu, ndipo palibe choletsa kuti mwana aone amake. Akawauze apongozi anga zimenezo, aone ngati samuthira madzi otsukira mbale.

7 Okutobala

Tsiku la alendo. Kwa ine sikunabwere munthu.

14 Okutobala

Wabwera Tisauke, mnzanga wa nyumba yoyandikana nayo kumudzi. Wakhala pabedi langa penipeni osaopa, wamasula kansalu ka nsawa zokazinga, kenako wandiuza zimene achita.

M'nyumba mwanga munali chomera choyanga, masamba ake onga a chilazi koma a mawanga oyera ndi achikasu. Dzina lake lenileni sindilidziwa. Dainess anachitcha Kankhanga, ndipo dzina linakhala lomwelo. Anabwera nako ndi a Jethro eni ake chaka chimene mwanayu anabadwa, kanthambi chabe m'chitini cha jamu, atadula kwa dona wawo. Ankati akazi a m'tauni amasunga maluwa m'nyumba, nanenso ndizisunga. Ndinakamangira luzi kuchokera pazenera kufika kuphaso, kanakwera, kanakhota pamwamba pa chitseko. Loweruka lililonse ine ndi Dainess tinkapukuta masamba ndi kansalu konyowa.

Tsopano apongozi akuti munthu wabwino sasunga tchire m'nyumba. Chomera chogona m'nyumba ndi mankhwala, akutero, umboni wake kamwana ka mbuzi kanatafuna tsamba n'kuchucha dovu tsiku lonse. Akuti mawanga achoka pamasamba n'kukwera pa mwini wake. Sabata yatha, anthu atatuluka m'tchalitchi, anakazula, anakakokera kudzala, anakatentha pamaso pa mudzi wonse. Dainess analira mpaka mawu kutha.

Ndafunsa ngati a Jethro analipo. Analipo. Ndafunsa ngati ananena kuti chomeracho anabwera nacho ndi iwo. Tisauke wati anangoima n'kumayang'ana nsapato zawo.

Mtima wanga ukuwira. Mwamuna wamkulu, wa ndevu zake, kulephera kunena mawu amodzi okha akuti ndine.

Pansi pa nsawa Tisauke anabisa kachidutswa kamene anatola m'mphepete mwa moto. N'kotalika ngati dzanja, masamba atatu, limodzi lowauka. Ndakaika m'botolo la mankhwala a chifuwa limene linatha, mfundo m'madzi, masamba kunja. Kali pazenera.

18 Okutobala

Theka la pilitsi. Mutu ukupweteka pang'ono, ati ndi mankhwalawo. Andipatsanso amadzi akuda owonjezera magazi, onunkha ngati khasu ladzimbiri.

Tsamba lowauka lagwa. Amai Jenala atembenuza pilo wawo, agona mutu kumiyendo, ati chinthu changa chikawayang'ana thupi limawayabwa. Ndawauza kuti chilibe maso. Ati ndiye choopsa chake n'chimenecho.

25 Okutobala

Pamfundo patuluka muzu woyera ngati ulusi. Madzi ndimasintha akayamba kuda, ndipo dzuwa likafika pagalasi ndimakankhira botolo pakona, chifukwa dzuwa lamphamvu limawaula masamba. Kamafuna kuwala, osati moto.

28 Okutobala

A Jethro abwera. Aima pakhomo, chipewa m'manja, buledi wa m'tauni m'khwapa. Ndawauza kuti alowe, bedi sililuma. Alowa koma sanakhale. Ati mwana ali bwino, akudya, amai akumusamala. Ndawauza zimene dokotala ananena. Ati amai sangalole.

Ndawafunsa mokuwa kuti amene anabweretsa Kankhanga m'nyumba mwanga ndani. Andiyankha m'chinyanja chawo cha ku Lusaka: "Osapunda, Nelesi. Nizachita bwanji ine? Ni amai anga."

Ndiye Dainess alibe amake? Ameneyo anagwa m'mwamba ngati mango? Mwambi wakuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo a Jethro amaudziwa bwino ukamakomera iwo.

Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Mwini mbumba ndi mlongo wanga Yoramu, ndipo akanakhala pafupi palibe akanagwira mwanayu dzanja popanda iye kulola. Apongozi nawonso ndi Achewa, akudziwa zonsezi. Koma mwambo anausiya kutsidya kwa Luangwa pamodzi ndi manyazi.

Potuluka a Jethro aona botolo pazenera. Ati nditaye msanga amai asanamve. Buledi wawo ndapatsa amai Jenala.

5 Novembala

Lero ayamba kundipatsa pilitsi lathunthu. Mvula yoyamba yagwa, fungo la dothi lalowa mpaka muno. Kumudzi anzanga akubzala, munda wanga kaya akulima ndani.

Mizu yachuluka, ndiye ndasamutsira Kankhanga m'dothi. Ba Sanford andipezera chitini cha mkaka n'kuchiboola pansi ndi msomali, akung'ung'udza njira yonse. Dothi ndakatapa pansi pa mkuyu kuseri kwa khitchini, lakuda, la masamba owola, ndasakaniza ndi mchenga pang'ono. Madzi ndimathira chala chikapeza kuti pamwamba pauma.

13 Novembala

Sisita wachizungu wayendera nyumba yathu. Wapeza fumbi pamwamba pa chitseko, wakalipa. Wapeza chitini changa pazenera, wati pazenera pasakhale kanthu, ndi lamulo. Atachoka ndinangochisiya pomwepo. Ba Sanford abwera akupukusa mutu: "Ba Nelesi, chosani ichi. Sisita akachionanso ni ine nizakalipiwa."

Ndachiika pansi pa bedi. Kumudzi amati ndi mankhwala, kuno ati ndi zinyalala. Kachitini kamodzi kokha kasowa malo m'dziko lonse la Rhodesia.

22 Novembala

Mawanga atupa, afiira, akutentha. Chigongono chamanzere chikubaya mpaka ku kachala kakang'ono. Dokotala wati thupi likulimbana ndi matenda, zimachitika. Aimitsa DDS. Asipilini katatu patsiku. Mkono aumanga pakathabwa.

26 Novembala

Malungo. Ndikunjenjemera dzuwa lili phwee.

29 Novembala

Zala ziwiri sizikumva. Phala ndabweza.

2 Disembala

Tisauke wabwera ndi masuku, sindinadye. Ati Dainess akafunsa za ine, apongozi amamuuza kuti amako anapita kutali, usamawatchule. Ndikafa muno adzamuuza chiyani? Kuti ndinapitirira?

10 Disembala

Malungo atsika. Ndakhala tsonga, ndadya bowa amene mwana wa amai Jenala anabweretsa. Kenako ndakumbukira chitini, ndimati chauma.

Sichinaume. Amai Jenala, omwe aja ankagona mutu kumiyendo, akhala akuchithirira masiku onsewa, kugwira kapu ndi zikhatho zonse ziwiri. Amathira tiyi wotsala, tsiku ndi tsiku, mpaka dothi lasanduka matope ndipo tsamba limodzi lachita chikasu. Ndawakalipira, kenako ndawathokoza. Ati iwo sanachite chifukwa chokonda chinthucho, koma amaopa kuti chikafa ndifa nacho, ndiye bedi langa apatsa munthu wamkonono.

Pali masamba awiri atsopano. Ang'onoang'ono, obiriwira okhaokha, opanda banga ngakhale limodzi.

12 Disembala

Nyumba yonse yatekeseka. Amai Jenala aitana aliyense kuti adzaone, ati chomera chachira, ndiye mwini wake achiranso. Wina wayamba nyimbo ya tchalitchi.

Asa! Kuchira kwanji? Ine ndinaziona izi kunyumba. Nthambi imene inalowa kuseri kwa chitseko, mumdima, inkabala masamba ang'onoang'ono obiriwira chonchi. Nditaibwezera kuzenera mawanga anabwerera. Mawangawo ndiwo thanzi lake. Kankhanga kakufa ndi njala ya kuwala, anthu akuomba m'manja. Ndawauza, palibe wandimvera. Amai Jenala ati anthu ophunzira kumishoni timakana ngakhale mwayi wathu womwe.

20 Disembala

Dokotala wamasula thabwa. Kutupa kwatha, zala ziwiri zija zapindika pang'ono, ati ndizizipaka mafuta n'kumaziongola m'mawa ndi madzulo. Ayambiranso DDS, kachidutswa ka pilitsi, kawiri pasabata. Wafunsa chifukwa chake mwana sanabwere mpaka lero. Ndati akafunse agogo ake.

23 Disembala

Amai Jenala amuuza Tisauke nkhani ya masamba obiriwira ndisanatsegule pakamwa. Tisauke naye pakamwa pake sipasunga kanthu. Mawa mudzi wonse udziwa kuti chidutswa chinapulumuka.

Virginia, mtsikana amene anatuluka muno mwezi watha atauzidwa kuti ali bwino, wabwerera. Kwa amuna ake anamumangira kamsasa kunja kwa mudzi, chakudya amamusiyira pachitsa. Khanda lake amaliona patali. Wapempha Sisita kuti azichapa nsalu za chipatala, bola akhale pakati pa anthu.

25 Disembala

Atipatsa nyama ndi mpunga, ndi sopo mmodzimmodzi. Chaka chatha ndinamusokera Dainess diresi yamaluwa. Kaya yamuthina, kaya akumuveka ndani.

6 Januwale 1957

A Jethro abwera ndi uthenga wa amai awo. Ndimayembekezera mkuntho, koma ayi. Akuti apongozi atamva kuti ndinatupa n'kutsala pang'ono kufa anachita mantha, poganiza kuti ndi moto wawo uja wandipsereza, ndipo anthu adzawaloza chala. Kwa iwo ine ndi chomeracho ndife chinthu chimodzi. Tsopano amva kuti chikuchira. Ndiye akuti tsiku lotuluka adzabwera okha kudzachiona. Masamba onse akadzakhala obiriwira, ndiye kuti choipa chachoka, adzandipatsa mwana pomwepo, tidzapitira limodzi kumudzi. Likadzapezeka banga, abwerera naye.

Ndafunsa ngati mawu a dokotala sakwanira. Ati amai akuti mzungu sadziwa za kuno. Ndafunsanso ngati awauza kuti chomeracho chinachokera kwa azungu omwewo, m'manja mwa mwana wawo. Ati: "Izo ni zakale, Nelesi, tizisiye."

Ndawagenda ndi kapu. Ndawaphonya, kapu yathyoka chogwirira, Ba Sanford andilanda supuni ndi mbale mpaka madzulo.

8 Januwale

Ndaganiza, ndipo zimene ndaganiza zikundinyansa.

Mwana wanga ali m'manja mwa munthu amene sakhulupirira dokotala, sakhulupirira galasi, sakhulupirira mkono wanga, koma amakhulupirira tsamba. Chabwino. Ndimupatsa tsamba. Kankhanga kakhala pansi pa bedi, kukhoma kwenikweni, mpaka kabiriwire konse. Tsamba lakale la mawanga limene linatsala, lija linapulumuka pamoto, ndalithothola ndekha lero. Apongozi analephera kulitentha, ndalimaliza ndine.

Koma kumudzi kuja sindibwererako. Ndikabwerera ndiye kuti chitini chizikhala mumdima moyo wake wonse, ndipo tsiku limene banga lidzatuluke adzandilandanso mwana n'kundimangira kamsasa ngati Virginia. Ndikufuna kuti mwana afike pano, m'manja mwanga. Zinazo ndikudziwa ndekha.

20 Januwale

Ndamukhazika pansi Tisauke, ndamuuza kuti ulendo uno pakamwa pake akapatsegula ndidzamulodza zenizeni. Waseka mpaka misozi, kenako walumbira. Mlongo wake Nason amayendetsa lole ya Mmwenye wina, yonyamula katundu wa sitolo kupita ku Fort Jameson, kum'mawa kwathu, ndipo imadutsa mumsewu waukulu kumunsi kwa chipatala. Tisauke akamuuza kuti tsiku langa likadziwika adzaime pamenepo ngati akuthira madzi mu injini. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Wabwera ndi chimanga chachiwisi chowotcha. Ndadya ziwiri.

31 Januwale

Theka la pilitsi tsopano. Sikelo ikuti ndabwererako.

Kulera chomera mumdima ndi ntchito yoipa. Dothi siliuma, ndiye madzi ndimathira apo ndi apo, apo ayi mizu iwola. Tintchentche takuda tayamba kuzungulira chitini, ndawaza phulusa pamwamba. M'mawa ndimachikokera kumphepete kwa bedi kanthawi kochepa kuti chisafe, kenako ndimachikankhiranso mkati. Nthambi yatalika, yowonda, masamba atalikirana, ikukwawa pansi kulondola kumene kuli zenera. Ndikaibweza, mawa lake yatembenukiranso komweko. Ndimachita manyazi kuiyang'ana.

Amai Jenala amauza alendo onse kuti chomera chikunenepa. Maso awonso ayamba kutha, ndiwakhululukire.

14 Febuluwale

Dokotala wandichekanso kukhutu. Tizilombo palibe. Mawanga aphwa, koma kutuwa kulipo, ati mwina kudzachepa, mwina ayi. Nditha kutuluka pa 14 Malichi, akadzabweranso. Mapilitsi ndizimwabe zaka zingapo osalekeza. Ndafunsa ngati ndingamakalandire kuchipatala cha kufupi ndi kwathu kum'mawa. Wandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake, wati n'zotheka, andilembera pepala. Watinso sandilola kutuluka asanamuone mwana khungu. Ndati zimenezo ndiye ndikuzifuna.

24 Febuluwale

Tisauke wati uthenga wafika kwa apongozi ndi kwa Nason. Akuti apongozi akuuza anthu kutchalitchi kuti mapemphero awo ndi amene andichiritsa. Apitirize.

Wandiuzanso kuti Dainess dzino lake lakutsogolo laguluka. Analiponya padenga ndi agogo ake. Dzino loyamba la mwana wanga, ine ndikumva kwa anthu.

9 Malichi

Tsamba latsopano lafunyululuka m'mawa uno, ndipo lili ndi mzere woyera kuchokera pakati kufika kunsonga. Woyera mbee, wokongola. Kaya ndi kuwala kwa m'mawa kuja ndinachulutsa. Ndakhala nalo pamiyendo mpaka phala kuzizira, dzanja likukana kulithothola.

Amai Jenala andiyang'ana, andifunsa chimene chavuta. Ndawauza zonse, za mdima, za lole, zonse.  Kenako ati: "Nipase kuno." Zala alibe, ndiye analuma tsambalo ndi mano n'kulavula pazenera.

Pasanapite nthawi milomo yawo inatupa, dovu chuchuchu ngati kambuzi kaja. Atukwana ine, atukwana chomera, atukwana apongozi anga ndi makolo awo m'Chisoli. Ba Sanford awapatsa mkaka kuti achukuche m'kamwa, afunsa chimene adya, iwo ati tsabola. Ndaseka koyamba chilowere muno, kenako ndalira.

13 Malichi

Pilitsi lathunthu kuyambira mawa. Ndachapa nsalu zanga. Masamba ndawapukuta limodzilimodzi, ndawayang'ana kumaso ndi kumsana. Obiriwira onse, onyozeka onse.

Ngati sabwera naye mwana, sindikudziwa chimene ndidzachite, koma sichidzakhala chachikhristu.

15 Malichi, pa Luangwa

Ndikulemba pamwamba pa matumba a mchere, lole yaima pafupi ndi mlatho kuti injini izizire.

Dzulo anafika dzuwa litakwera, apongozi patsogolo, a Jethro pambuyo, Dainess pakati atagwira nsalu ya agogo ake. Watalika. Diresi yamaluwa ija ikumulekeza pamwamba pa mawondo, tsitsi anamumeta mpala. Atandiona anabisala kumbuyo kwa agogo. Ndinaluma mlomo kuti ndisathamange.

Apongozi sanalowe, anakhala pakhonde. Ndinagwada, ndinawapatsa moni monga mtengwa, ndinaika chitini patsogolo pawo. Anatenga kamtengo n'kumatembenuza tsamba lililonse, kumaso, kumsana, mpaka kusuzumira m'dothi. Nthawi yonseyo mkono wanga unali poyera, banga likuoneka, iwo osaliyang'ana n'komwe. Pomaliza anati Mulungu ndi wamkulu, chachira.

Pamenepo Dainess anasuzumira. Anati: "Si Kankhanga aka. Kankhanga kali ndi mawanga. Aka kadwala."

 Apongozi anandiyang'ana koyamba. Ndinamuuza mwana wanga, pamaso pake, kuti ayi mwanawe, kachira, mawanga aja anali matenda. Ine amene ndinamuphunzitsa kupukuta masamba amenewo. Bodza limenelo sindidzawakhululukira apongozi mpaka kumanda. Iwo anaseka, anati mwana sadziwa kanthu, anamukankhira kwa ine.

Ba Sanford anaitana kuti dokotala akufuna mwana ndi amake. Ndinanyamula chitini ndi kamtolo kanga, ndinati ndikatsanzike Sisita. Dokotala anamuona Dainess thupi lonse, anati ali bwinobwino, azidzaonedwa chaka ndi chaka. Anandipatsa pepala ndi mapilitsi a mwezi. Tinatulukira khomo la kukhitchini. Amai Jenala anali atakhala kale pakhonde ndi apongozi, akuwafotokozera matenda awo onse kuyambira chaka cha dzombe.

Lole inali mumsewu, Nason atatsegula kutsogolo kwake. Pokweza mwana ndinatembenuka, ndipo a Jethro anali ataima pakona pa khitchini, ndudu m'manja, akutiyang'ana. Anaona chitini, anaona mwana, anaona lole kuti yaloza kum'mawa. Akanangoitana kamodzi, amai awo akanamva. Ndinawayang'ana m'maso. Anatsitsa mutu n'kuyang'ana nsapato zawo. Ntchito yokhala chete amaidziwa, ndipo dzulo yandithandiza.

Dainess analira mpaka tinadutsa mapiri oyamba, akufunsa agogo. Sindinamuletse. M'mawa uno wadya mbatata imene Nason anagula, wandilola kuti ndimuone pamene panali dzino. Kenako ndamuuza kuti dzulo ndinanama, iye ndiye ananena zoona, Kankhanga kadwala chifukwa ndinakasunga mumdima. Wafunsa ngati mawanga adzabwerera. Ndati adzabwerera, tikakaika pazenera la agogo ake ena, amai anga. Wagwira banga la pamkono panga ndi chala, wafunsa ngati langalo lidzachoka. Ndati mwina ayi.

Waganiza pang'ono, wati ndiye tizidzapukuta onse awiri Loweruka.

Nason akuitana. Pilitsi lotsatira ndi Lolemba, ndikamwera kwathu. Chitini chili pamiyendo pa Dainess, poyera, ndachitchingira dzuwa ndi mpango wanga wakumutu. Amene chikumunyansa ayang'ane kumbali.